Tayala lakumbuyo likamatha mbali imodzi: kodi camber bolt ndiye mankhwala?

Pa Nsanama pamadutsa msewu wa tala wochokera ku Liwonde kulowera kwa Ntaja ndi Nselema mpaka ku Namwera, ndipo pomwepo pamapatuka msewu wopita ku Nayuchi, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Magalimoto amene amadyetsa mabanja pa misewu imeneyi ndi odziwika: Sienta, Probox, Hiace, ndi ena ang'onoang'ono monga Vitz ndi Passo, ambiri mwa iwo atayenda kale zaka zingapo ku Japan. Amanyamula anthu, matumba a mpunga ndi chimanga, makaka, nsomba za ku Chiuta ndi ku Chilwa. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa eni ake ndi lakuti galimoto ikudya matayala akumbuyo. Tayala limatha m'mphepete mwa mkati mpaka mawaya kuonekera, pamene mbali yakunja mizere ikadali yakuya.

Mwini galimoto akadandaula choncho amauzidwa kuti ikufunika alignment. Akapita nayo, nthawi zambiri amamukonzera kutsogolo kokha, chiwongolero n'kuwongoka, koma kumbuyo matayala akupitirirabe kutha. Kenaka wina amamuuza za bawuti yapadera yotchedwa camber bolt, imene akuti ukangoimanga tayala lopendekeka limaimanso chilili. Bawutiyo ilipodi ndipo imagwira ntchito. Koma ntchito yake ndi yochepa poyerekeza ndi mbiri imene yatchuka nayo, ndipo pa magalimoto ambiri a pa siteji ya Nsanama kumbuyo kulibe ngakhale malo oimangapo. Nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino, pakuti tayala lophulika pa liwiro galimoto itadzaza anthu limabweretsa maliro pamudzi.

Tiyambe ndi kaimidwe ka tayala. Mukaima kumbuyo kwa galimoto n'kuyang'ana matayala ake, mutha kuona ngati aima chilili kapena apendekeka. Kupendekekako ndiye camber. Mutu wa tayala ukaweramira mkati, kumene kuli bodi, amakaniko amati ndi negative. Ukaweramira kunja amati positive. Kuweramira mkati pang'ono si kuwonongeka ayi, opanga anachita kufuna. Pokhota, kulemera kwa galimoto kumatsamira pa tayala lakunja kwa kona, ndipo tayala loweramira mkati limagwira bwino pansi pa nthawi imeneyo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan amatuluka kufakitale matayala akumbuyo ataweramira mkati ndi digiri imodzi kapena imodzi ndi theka. Pa tayala la Sienta la 175/70R14, limene ndi lotalika pafupifupi masentimita 60, digiri imodzi ndi sentimita imodzi pakati pa mutu ndi tsinde. Diso limatha kuona zimenezi, n'chifukwa chake anthu amathamangira kuimba mlandu camber.

Chimene chimadya tayala mofulumira kwambiri diso silichiona. Amachitcha toe, ndipo ndi kumene tayala laloza mukaliyang'ana muli pamwamba: kodi laloza kutsogolo ndendende, lalozera mkati, kapena lalozera kunja? Tayala lolozera kumbali pamene galimoto ikupita kutsogolo silingogubuduka, limakwekwerezekanso pansi. Masamu ake ndi osavuta. Likaphonya ndi theka la digiri lokha, pa kilomita iliyonse limakwekwerezedwa cham'mbali mamita pafupifupi 9, ndipo pa makilomita 100 ndi mamita oposa 870. Galimoto ya matola imene imapita ku Liwonde ndi kubwerera kangapo pa tsiku imakwanitsa mtunda umenewu dzuwa lisanalowe. Theka la digirilo pa limu ya mainchesi 14 ndi mamilimita atatu okha.

Tayala lenilenilo limaulula chimene chikulidya, bola mulisisite ndi dzanja mopingasa. Ngati mizere ikusalala dzanja likamapita uku koma ikukanda likamabwerera, vuto ndi toe. Ngati latha mosalala, kuchoka kokhuthala kunja n'kumapyapyala polowa mkati, ndi camber. Ziwirizi zikakumana, tayala loweramira mkati n'kulozeranso kunja, mphepete ya mkati imatha m'miyezi yochepa. Likatha m'mphepete monse muwiri pakati pali bwino, limayenda ndi mpweya wochepa kapena limasenza katundu woposa mphamvu yake. Likatha pakati pokha, mpweya umachuluka. Likatha mwa zigambazigamba kuzungulira tayala lonse, shock inafa kale ndipo tayala limangodumphadumpha pansi. Pa matenda onsewa, amodzi okha ndi amene camber bolt ingachize.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira: matayala akumbuyo ndiwo amalamula kumene galimoto ikulowera. Onse awiri akalozera pang'ono kumanzere, thako la galimoto limathawira kumanzere, ndipo dalaivala amakhala akubweza ndi chiwongolero mosazindikira. Mukaitsatira pambuyo mumaona ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Pamenepo matayala akutsogolo nawonso amayamba kutha. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba kuyeza kumbuyo, n'kudzamalizira kutsogolo. Kukonza kutsogolo kokha kumbuyo kuli kokhota kumangobisa vutolo kwa masabata ochepa.

Tsono funso loyamba musanagule chilichonse ndi lakuti: kumbuyo kwa galimoto yanu anakumanga motani? Gwadani pansi muyang'ane.

Hiace, Hilux ndi malole ang'onoang'ono ali ndi ekiselo imodzi yolimba yogwira matayala onse awiri, yokhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Probox nayo ili ndi ekiselo yolimba, ngakhale kuti masipuling'i ake ndi opota ndipo ekiseloyo imagwiridwa ndi mikono ya mabushi. Pa magalimoto amenewa camber yakumbuyo siisinthika. Tayala likaoneka lopendekeka ndiye kuti ekiselo inapindika kapena bering'i yatha. Galimoto ikamayenda cham'mbali, kawirikawiri bawuti yapakati pa masipuling'i inathyoka, ma U-bolt anamasuka, kapena mabushi anatheratu, ekiselo n'kusendera kumbuyo mbali imodzi. Kuyeza kwake n'kwa tepi chabe: kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kumanzere ndi kumanja, chiwongolero chili chowongoka. Miyeso iwiriyo ikasiyana, mwapeza poyambira.

Gulu lachiwiri ndi limene ladzaza misewu yathu. Sienta, Vitz, Passo, Honda Fit, Nissan Note ndi Corolla Axio zoyendera matayala akutsogolo zili ndi mtanda wachitsulo kumbuyo, umene amautcha torsion beam. Kamangidwe kameneka kanafala kuchokera pa Volkswagen Golf ya 1974, chifukwa n'kotchipa, kosavuta kusamala, ndipo kamasiya malo ambiri a mipando ndi katundu. Mikono iwiri yogwira matayala inawotcheredwa ku mtandawo, ndipo camber ndi toe zinakhazikitsidwa kufakitale pa kuwotchererako. Shock yakumbuyo pano siigwira tayala kuti liime. Ntchito yake ndi kuletsa kudumpha basi. Bawuti imene imaigwira pansi mutha kuisintha ndi ya mtundu uliwonse, tayala silisuntha ngakhale pang'ono. Munthu akakugulitsani camber bolt kuti muike kumbuyo kwa Sienta yotere, ndalama yanu yapita pachabe.

Chimene chilipo pa mtanda ndi shim, kambale kopyapyala kokhuthala mbali imodzi, kamene amakaika pakati pa habu ndi mtandawo ngati habuyo ndi yomangidwa ndi mabawuti anayi. Kambaleka kamatembenuza habu pang'ono, ndipo malinga ndi mmene mwakazungulitsira kamakonza camber, toe, kapena zonse ziwiri. Kamathandiza pamene mtanda waphonya pang'ono. Chimene sindingavomereze ndi kusanjikiza mawasha pansi pa mabawuti awiri mwa anayiwo, monga ena amachitira. Habu imafunika kukhala mokhazikika pa chitsulo chathyathyathya. Ikatsamira pa mawasha, mabawuti amayamba kupindikapindika galimoto ikamayenda, ndipo bawuti yotero tsiku lina imaduka. Sindingavomerezenso kuwotcha mtanda ndi gasi kuti uwongoke. Ndikudziwa kuti owotcherera athu ali ndi luso ndipo apulumutsa magalimoto ambiri amene akanangokhala pa miyala. Koma mtanda umenewu anaupanga kuti uzipotoka ndi kubwerera nthawi iliyonse tayala limodzi likakwera pa bampu, ndipo moto umasintha khalidwe la chitsulocho. Pamene pawotchedwapo ndi pamene mng'alu umadzayambira. Mtanda wopindika kwambiri mankhwala ake ndi kuusintha. Wa pa galimoto yophwasula ulibe vuto, bola uyezedwe ukangomangidwa, chifukwa nawonso utha kukhala kuti unagundidwapo.

Gulu lachitatu ndi limene tayala lililonse lakumbuyo limayenda palokha. Muli Corolla zakale za AE100 ndi AE110, Camry zakale, Nissan X-Trail yoyamba ndi Subaru Forester zoyambirira. Izi zili ndi shock yaikulu yokhala mkati mwa sipuling'i, imene imagwiranso tayala kuti liime. Kamangidweka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene anakakonza m'zaka za m'ma 1940. Pansi pake shock imeneyi imakumana ndi knuckle, chitsulo chonyamula habu, ndipo ziwirizi zimagwirizanitsidwa ndi mabawuti awiri, ina pamwamba ina pansi. Apa ndiye kwawo kwa camber bolt. Ndipo popeza kutsogolo kwa Sienta, Probox ndi Vitz anakumanga chimodzimodzi, pa magalimoto amenewa bawutiyi imagwira ntchito kutsogolo, osati kumbuyo. Magalimoto ena, monga Mark II, ali ndi mikono ingapo kumbuyo ndipo anabwera kale ndi mabawuti osinthira kuchokera kufakitale. Pamenepo palibe chogula, chofunika ndi munthu wodziwa kuwazungulitsa. Vuto lake limakhala dzimbiri, makamaka pa galimoto imene inkayenda kumadera a chipale chofewa ku Japan, kumene amathira mchere m'misewu: bawuti imamatirira mkati mwa bushi, ndipo ukaikakamiza umang'amba bushiyo.

Camber bolt mukaigwira m'manja muona kuti ndi yowonda kuposa bawuti imene ikulowa m'malo mwake, koma pakati ili ndi chotupa mbali imodzi. Chotupacho chimadzaza bowo la knuckle. Mukazungulitsa mutu wa bawuti, chotupacho chimakankha knuckle kulowa mkati kapena kutuluka kunja, ndipo mutu wa tayala umatsatira. Zambiri zogulitsidwa zimasuntha tayala mpaka digiri imodzi ndi magawo atatu a magawo anayi. Zimabwera mosiyana kukula, monga mamilimita 12, 14, 15 ndi 17, choncho muyenera kuyeza bawuti yakale musanaitanitse. Kampani ya Toyota nayo ili ndi mabawuti ake owonda pang'ono, okhala ndi timadontho pamutu, ogwira ntchito yomweyi pa magalimoto ake ena.

Kamangidwe kake sikovuta, koma kali ndi dongosolo. Galimoto iyezedwe kaye ili pansi pa malo osalala, matayala ali ndi mpweya wofanana, mulibe katundu. Kenaka ikwezedwe ndi jeke n'kukhazikidwa pa zitsulo zochirikizira. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza ndipo munthu sayenera kulowetsa dzanja pansi pa galimoto imene yatsamira jeke yokha. Tayala likachoka, masulani bawuti yapansi koma musaichotse, pakuti knuckle iyenera kutembenukira pa iyo. Chotsani yapamwamba, mukusamala paipi ya buleki ndi waya wa ABS, chifukwa knuckle ikagwera kunja imazikoka. Lowetsani camber bolt pamodzi ndi washa yake ya kamlomo. Kamlomoko kamalowa m'bowo la shock, ndipo mbali imene mwakalozetsa ndiyo imatsimikiza ngati tayala liweramira mkati kapena kunja. Pepala limene limabwera ndi bawutiyo limasonyeza zimenezi, musalitaye. Zungulitsani mutu mpaka muyeso ufike pofunika, gwirani mutuwo ndi sipanala kuti usasunthe, ndipo mangani nati.

Pomanga natiyo ndi pamene pagona nkhani. Bawuti ziwirizi sizigwira knuckle poitchinga ngati chikhomo, zimaigwira poifinya mwamphamvu pakati pa makutu awiri a shock. Camber bolt, pokhala yowonda, siingamangidwe ndi mphamvu yofanana ndi bawuti yoyamba ija. Mukaipitirira muyeso imatamuka kapena kuduka. Mukaiperewera, dzenje loyamba limene tayala ligwemo liisuntha. Ndiye pafunika torque wrench, sipanala imene imayeza mphamvu, ndipo muyeso wa camber bolt muutenge pa pepala lake pamene wa bawuti yapansi muutenge m'buku la galimoto. Paipi yaitali yolumikiza ku sipanala siyeza kanthu. Onaninso nambala ya pamutu: 10.9 kapena 12.9 ndi chizindikiro cha chitsulo cholimba. Bawuti wamba ya m'sitolo ya hardware, yosongoledwa pa makina kuti iwonde, isayandikire malo amenewa. Kwa galimoto imene imayenda tsiku ndi tsiku m'misewu ya dothi itasenza, ine ndingasankhe bawuti imodzi yokha mbali iliyonse, yapansi n'kuisiya yoyamba ija.

Ntchito siithera pamenepo. Camber ikasintha, toe nayonso imasuntha, ndipo taona kale kuti toe ndiyo imadya kwambiri. Munthu amene wamanga camber bolt n'kunyamuka osayezanso toe atha kupeza matayala akutha msanga kuposa kale. Pa Corolla zakale zija toe yakumbuyo imasinthidwa pa mikono yopingasa ya pansi. Ndipo mabawuti onse odutsa m'mabushi amangitsidwe komaliza galimoto itatsika n'kuima pa matayala ake, apo ayi bushi imakhala yopotoka nthawi zonse n'kung'ambika msanga.

Makina a kompyuta oyeza matayala onse anayi amapezeka kwambiri m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo kwa munthu wa ku Nsanama, Ntaja kapena Ulongwe ulendo umenewo ndi mafuta komanso tsiku lathunthu losagwira ntchito. Koma kusowa kwa makina si chifukwa choyendera m'chimbulimbuli. Ngakhale akatswiri okonza magalimoto a mpikisano amayeza ndi zingwe. Pafunika simenti yosalala, ulusi wolimba ndi rula. Kokani ulusi mbali zonse ziwiri za galimoto, pa msinkhu wa pakati pa habu, mutauika moti kutalikirana kwa ulusi uwiriwo kutsogolo ndi kumbuyo kukhale kofanana, ndiponso galimoto ikhale pakati penipeni. Pa tayala lililonse yezani kuchokera pa ulusi kufika pa mlomo wa limu, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo ndiye toe. Pa camber, lendewetsani ulusi womangirira nati m'mbali mwa tayala, muyeze pamwamba ndi pansi pa limu. Pa limu ya mainchesi 14, mamilimita 6 kapena 7 ndi digiri imodzi. Limu yopindika imanamiza, choncho kankhani galimoto kuti tayala lizungulire theka, muyezenso. Galaja iliyonse ya pa Nsanama itha kuchita zimenezi, ndipo mwini galimoto angadziwe ngati ulendo wa ku Blantyre uli wofunikadi.

Miyesoyo ikatuluka, iwerengedwe moona mtima. Matayala onse awiri akaweramira mkati mofanana pa galimoto ya gulu lachitatu lija, kawirikawiri masipuling'i anatopa ndipo galimoto inatsika. Sinthani masipuling'i, camber ibwerera yokha. Tayala limodzi likasiyana ndi linzake koposa theka la digiri, pali chimene chinapindika: shock, knuckle kapena mkono. Camber bolt itha kuliimika tayalalo, koma chitsulo chopindikacho chidakali pomwepo ndipo chinafooka. Malo ake enieni a bawutiyi ndi pamene zonse zofunika kusintha zasinthidwa, mabushi ndi mabering'i ali bwino, koma muyeso ukuphonyabe pang'ono.

Nanga n'chiyani chimapinda zitsulozi? Misewu ili ndi gawo lake. Timayenda kumanzere, ndipo kumanzereko ndi kumene mphepete ya tala imayamba kuguga; dalaivala wopatukira wokwera kapena wozemba lole amatsitsa matayala akumanzere pa mphepete yakuthwayo kambirimbiri pa tsiku. Mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 inasiya misewu yambiri ya chigawo cha kummwera ili ndi maenje ndi zigwembe. Koma dzenje lokha silipinda mtanda kawirikawiri. Chimene chimaupinda ndi dzenje, liwiro ndi katundu zikakumana. Probox ya katundu anailembera makilogalamu 400, ndiwo matumba 8 a makilogalamu 50. Sienta ndi ya anthu 7. Nambala 84 imene imalembedwa pa matayala ambiri a 175/70R14 imatanthauza kuti tayala limodzi lisasenze zoposa makilogalamu 500, ndipo muyeso umenewu ndi wa tayala lopopedwa bwino. Sipuling'i ikafinyika mpaka kumapeto chifukwa cha katundu, palibenso chofewetsa, ndipo nkhonya yonse ya dzenje imapita ku mtanda.

Sindikunyoza madalaivala. Amagwira ntchito pansi pa target ya bwana, mafuta akudula, ndipo wokwera aliyense wowonjezera ndi ndiwo za kunyumba. Koma masamu aonedwe mbali zonse. Matayala ndi zitsulo za galimoto timaitanitsa kunja, ndipo Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera nayo. Ndalama ya matumba awiri owonjezera imalowa lero, pamene mtengo wa mtanda ndi matayala awiri umabwera pakapita miyezi, nthawi zambiri kwa mwini galimoto osati kwa dalaivala. Eni magalimoto amene amaika target yosatheka popanda kupanikiza katundu adziwe kuti akudzilipiritsa okha.

Ena amayesa kuthana ndi vutoli potembenuza tayala pa limu kuti mbali yotha ipite kunja, kapena pogula matayala a kaunjika pafupipafupi. Kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo n'kwabwino pa galimoto yoima bwino, koma pa yokhota kumangogawa kuwonongeka kwa matayala onse anayi. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6; tayala likafika pamenepo, ngakhale m'mphepete mwa mkati mokha, latha. Ndipo tayala lakumbuyo likaphulika kapena kuterereka pa msewu wonyowa, galimoto imazungulira, ndipo chiwongolero chimathandiza pang'ono kwambiri.

Choncho inu a Sienta, Probox ndi Vitz, musagule camber bolt ya kumbuyo. Yezetsani mtanda kapena ekiselo, mabushi, mabering'i ndi masipuling'i. Inu a Corolla yakale kapena X-Trail yoyamba, igulani pokhapokha zina zonse zitakonzedwa, imangidwe ndi torque wrench, ndipo toe iyezedwenso tsiku lomwelo. Mukapita ku makina a kompyuta, uzani amakaniko kuti mukufuna matayala onse anayi ayezedwe, ndipo musachoke asanakupatseni pepala losonyeza miyeso ya galimoto isanakonzedwe ndi itakonzedwa.